Ntchito ikatha ku Joni, medical aid simathera pomwepo

Abale athu ena ku South Africa akuuzana kuti ntchito ikatha, medical aid yapitanso mpaka udzapeze bwana wina. Sizoona. Lamulo la Medical Schemes Act la 1998 limakakamiza mabungwe otsegukira aliyense, monga Discovery Health ndi Bonitas, kukulandirani ngakhale muli pa ulova kapena mukudwala. Chosintha n'chakuti ndalama yonse ya pamwezi muzilipira nokha, ndipo njolemetsa ndithu.

Chondidetsa nkhawa ine ndi masiku 90. Mukakhala opanda medical aid kupitirira pamenepo, pobwerera angakudikiritseni miyezi 3 osakulipirirani chilichonse, komanso miyezi 12 pa matenda omwe munali nawo kale, monga shuga. Ngati m'thumba mwaperewera, pemphani pulani yotchipa m'malo mosiyiratu.