Fumbi la pamjigo musamalisese

Sabata siitha ndisanamve mawu awa: "Achimwene, makina aonetsa kuti madzi ali pa mamita 40." Munthu amafika ku ofesi kwathu kuno ku Blantyre foni ili m'manja, n'kundionetsa chithunzi cha mawangamawanga, pamwamba pofiira, pakati pachikasu, chala chake chitaloza pa buluu pansi pake. Kuyankha mmodzimmodzi kwanditopetsa. Makina otere, oima pamwamba pa nthaka, saona madzi, mafuta kapena mamita. Buluu ameneyo adasankha ndi munthu amene adalemba pulogalamu ya pakompyuta, ndipo akadafuna akadaikapo pinki.

Ntchito yanga ndi yopima za pansi pa nthaka, ndipo khalidwe limene ndikukamba pano ndidalitengera kwa anthu ofufuza mafuta. Iwowa ali ndi ndalama zoti inu ndi ine sitidzazigwirapo, makina awo ndi apamwamba kuposa alionse amene adapondapo ku Machinjiri, komabe chithunzi chawo sachikhulupirira mpaka atachimangiriza ku chitsime chenicheni.

Njira yawo amaitcha seismic. Panyanja, sitima imakoka mfuti ya mpweya yomwe imaphulitsa phokoso m'madzi, kumbuyo kukubwera chingwe chachitali chodzaza timakutu tomvetsera. Phokosolo likamatsika n'kufika pamene mwala wamtundu wina wathera n'kuyamba wina, gawo lake limabwerera, monga mawu amakubwererani mukakuwa moyang'anizana ndi phiri. Chimene makina amalemba ndi nthawi imene phokoso latenga kupita ndi kubwera. Nthawi basi. M'mbali mwa chithunzicho mumakhala masekondi, osati mamita. Ndipo phokoso siliyenda mofanana paliponse: m'madzi limathamanga mamita pafupifupi 1,500 pa sekondi, m'dothi louma silifika ndi theka lomwe la pamenepo, pomwe m'thanthwe lolimba ngati lomwe Blantyre idakhalapoli limapitirira 5,000. Tinene kuti mzere wina ukuoneka pa sekondi imodzi. Ngati miyala ya pamwamba pake imayendetsa phokoso mamita 2,000 pa sekondi, mzerewo uli pa mamita 1,000, poti theka la nthawiyo ndi ulendo wobwerera. Liwiro likakhala 2,500, uli pa mamita 1,250. Chithunzi n'chimodzimodzi, koma kusiyana kwake mamita 250, ndipo wokumba amalipiritsa pa mita.

Ndiye akaboola chitsime choyamba amatsitsiramo zida pachingwe. China, chotchedwa sonic, chimayeza liwiro la phokoso m'mwala uliwonse umene chikudutsa, china chimayeza kulemera kwa mwalawo. Zolembedwa zimenezi ndiye log. Kompyuta imachulukitsa liwiro ndi kulemera, ndipo paliponse pamene yankho lasintha mwadzidzidzi imadziwa kuti phokoso likadabwerera pamenepo. Kuchokera apo imapanga kamzere ka seismic kongoyerekeza, kochokera ku chitsimecho, kamene timakagoneka pambali pa seismic yeniyeni kuti tione ngati mabampu ake akugwirizana. Pamafunikanso checkshot: kutsitsa kakhutu komvetsera pa kuya kodziwika, kuphulitsa phokoso pamwamba, n'kuwerenga nthawi yeniyeni. Zikagwirizana, mzere uja umapeza dzina ndi kuya kwake. Mpamene munthu anganene kuti uwu ndi mchenga, uli pa mamita akutiakuti, n'kuulondola makilomita ambiri kutali ndi chitsimecho.

Mapulogalamu ochitira zimenezi alipo, Petrel, Kingdom, ngakhale OpendTect imene wophunzira atha kuitsitsa pa intaneti ulere. Onsewa amakulolani kukoka kapena kufinya kamzere kaja kuti kafanane ndi seismic. Apa mpamene achinyamata ongochoka kumene kusukulu amandipweteka mutu. Amakoka apa, kufinya apo, mpaka mabampu onse atakhalirana bwinobwino, nambala yosonyeza kufanana itakwera, nkhope ili mwee. Ukawafunsa kuti tsopano taona liwiro limene kukoka kwakoko kwapereka ku mwala uwu, upeza dongo likuthamangitsa phokoso kuposa thanthwe. Kompyuta siikana, imangomvera dzanja la mwini wake.

Nyanja yathu yomwe ndi umboni. M'zaka za m'ma 1980 akatswiri a ku Duke University adayenda pa Nyanja ya Malawi ndi zida za seismic, naona mizere yambirimbiri m'matope a pansi pake. Mizereyo idakhala ikukambidwa kwa zaka, mpaka mu 2005 pamene gulu lotsogozedwa ndi Christopher Scholz wa ku Syracuse University lidaboola pansi pa nyanja pamalo pomwe madzi ndi akuya pafupifupi mamita 600, n'kulowa m'matope mamita pafupifupi 380. Matope amene adatulutsa ndi amene adatsimikiza kuti kalekale nyanjayi idaphwapo ndi mamita mazanamazana pa chilala choopsa. Chitsime chimenecho sichidali cha mafuta, ndipo chidangokanda pamwamba pa matope okhuthala makilomita angapo. N'chifukwa chake kuyambira 2011, pamene boma lidapereka chilolezo chofufuza mafuta kumpoto kwa nyanja, munthu akandifunsa m'minibasi ngati mafuta alipodi ndimangomufunsa kuti chitsime chake chili kuti.

Tibwere kumtunda, ku mijigo yathu. Ife kawirikawiri sitiphulitsa phokoso. Timakhoma zitsulo zinayi pamzere, ziwiri zakunja n'kulowetsa magetsi a batire m'nthaka, ziwiri zamkati n'kuyeza mmene nthakayo ikukanira magetsiwo, kenaka timatalikitsa zakunjazo pang'onopang'ono kuti magetsi alowe mozama. Thanthwe louma limakana kwambiri. Mwala wofumbwa wokhala ndi madzi umalola. Koma dongo nalonso limalola, mwinanso kuposa. Madzi amchere ngati a madera ena ku Chikwawa amalola. Paipi yachitsulo yokwiririka, mpanda wa waya, zonsezi zimasokoneza. Choipitsitsa n'chakuti dongo lopyapyala lolola kwambiri ndi mwala wofumbwa wokhuthala wolola pang'ono zimatha kupereka manambala ofanana ndendende. Kompyuta idzakupatsani yankho limodzi, koma mayankho okwanira pa manambala omwewo ndi ambiri. Chosankhira yankho loona ndi chimodzi: mjigo wapafupi umene wokumba adalemba zomwe adapeza mita ndi mita. Pano pa Blantyre madzi a pansi sakhala ngati dziwe loyala paliponse, amakhala m'mwala wofumbwa ndi m'ming'alu ya thanthwe, moti mnzanu wa kuseri kwa mpanda atha kukhala ndi madzi osefukira inu n'kutulutsa fumbi lokhalokha.

Pali mayi ena a cha ku Chigumula, mphunzitsi wopuma, amene nkhani yawo siindichoka m'mutu. Adatenga ndalama zawo zopumira pantchito kuti akumbitse mjigo, atatopa ndi mipopi youma komanso kulawirira ndi zigubu. Kudabwera mnyamata ndi kamakina kolumikiza ku foni, adayendayenda pabwalo osakwanitsa ndi ola lomwe, n'kuwapatsa chithunzi cha buluu chija. Madzi pa mamita 45, adatero. Okumba adafika, kompuresa idalira masiku awiri, pa 45 fumbi, pa 50 fumbi, mayi aja akuuzidwa kuti onjezerani pang'ono tatsala pang'ono, mpaka adalekera pa 60 ndalama zitatha. Mpamene adandipeza ine.

Nditafika ndidawafunsa pepala la okumba. Padalibe, kupatula lisiti. Ndidafunsa za timilu ta fumbi timene okumba amayala pansi motsatana, kamulu kalikonse kuimira mamita ake.

"Timilu tija? Pepani bambo, ndidasesa. Kumabwera azimayi a kumpingo, ndiye pabwalo padali posaoneka bwino."

"Mayi, simudaoneko pomwe fumbi lidasintha mtundu, kapena pomwe lidatuluka lonyowa?"

Adaganiza kanthawi, n'kunena kuti tsiku loyamba chakumasana kudatuluka matope ofiirira omata m'manja, koma pa mamita angati sadadziwe.

Mjigo wouma si ndalama zotayika zonse ayi. Dzenje limenelo lidali buku la mamita 60 la nthaka ya pamalopo, lolipiridwa kale. Ndikadadziwa pomwe katondo adathera, pomwe dongo lidayambira, pomwe nyundo idagunda thanthwe lolimba, ndikadayeza pambali pa dzenjelo, n'kukakamiza kompyuta kuti yankho lake ligwirizane ndi zimenezo, kenaka n'kuyenda ndi muyeso umenewo pamalo ponse kufunafuna pomwe mwala wofumbwa wazama. Ndidayezabe, ndipo ndidapeza malo awiri olola magetsi chakumunsi kwa munda wawo. Koma matope omata aja adandikayikitsa. Ndidawauza zoona, kuti mwina ndi madzi, mwina ndi dongo lomwe lija, ndipo chondithandiza kusiyanitsa chidapita ndi tsache. Sindiwaimba mlandu. Palibe adawauza. Paipi yotsekedwa pamwamba ikadali pabwalo pawo.

Za oyenda ndi timitengo tamphanda, mawaya awiri, dzira kapena botolo la madzi padzanja sinditayapo nthawi. Amene amandiopsa kwambiri ndi a foniwa, chifukwa amaoneka ngati asayansi. Muwafunse mafunso atatu okha muone thukuta. Makinawa akuyeza chiyani kwenikweni? Manambala amene mwawerenga ali kuti, osati chithunzi? Mwayerekeza ndi mjigo uti wapafupi? Wodziwa ntchito amayamba wazungulira m'dera kufunsa za mijigo ya anzanu asanatulutse ndi waya yemwe, amayeza malo angapo, ndipo sakulonjezani madzi. Amakuuzani kuti apa mpata ndi wokulirapo kuposa apo. Wolumbira kuti madzi alipo ndithu, muthaweni. Chenjeraninso ngati woyeza ndi wokumba ali thumba limodzi, pamene malipiro ndi a pa mita, madzi apezeke asapezeke. Safunsa adadya phula.

Musadikirenso kuti dzenje liume ndiye muziyamba kusaka katswiri. Ambiri amatipeza galimoto ya okumba itapita kale, ndalama zitatha, pamene kuyeza koyenera kukadangodya kagawo kochepa ka mtengo wa mjigo. Mjigo wokumbidwa mu February nawonso umanamiza, chifukwa nthaka imakhala itakhuta mvula, ndipo mayeso ake enieni ndi October. Lamulo la madzi la 2013 lidakhazikitsa bungwe loyang'anira za madzi la National Water Resources Authority, ndipo kumeneko ndi kofunsa za chilolezo komanso ngati wokumba wanu ndi wolembetsedwa. Madzi akatuluka kawayezetseni musanamwe, makamaka m'malokeshoni momwe zimbudzi zokumba zili khomo ndi khomo. Kolera wa 2022 ndi 2023 tonse tikumukumbukira.

Mgwirizano wanu ndi wokumba unene poyera kuti gawo lomaliza la ndalama mudzapereka akakupatsani log yolembedwa: mtundu wa dothi ndi mwala pa kuya kulikonse, pomwe adakumana ndi madzi koyamba, pomwe adaika mapaipi okhala ndi timabowo tolowera madzi, ndi kuchuluka kwa madzi poyesa kupopa. Tsiku lokumba gulani timajumbo ndi cholembera chosafufutika. Mwana mmodzi akhale pamenepo, azitapa dzanja limodzi pa kamulu kalikonse, kumanga, n'kulembapo mamita ake. Timajumboto musunge m'katoni limodzi ndi pepala lija, ndipo mnzanu wa kuseri kwa mpanda akadzafuna kukumba, mudzam'bwereke.