Kuyeza mtima musanayambe mankhwala a khansa: mafunso ndi mayankho

Andichotsa ku Dedza kupita ku Kamuzu Central chifukwa cha chotupa cha m'bere. Nanga za mtima zabwera bwanji?

Mankhwala ena a khansa amafooketsa minofu ya mtima. Odziwika kwambiri ndi doxorubicin, ofiira aja a m'diripi, omwe amapatsidwa pa khansa ya m'mawere ndi lymphoma (khansa ya mwanabere). Mukawalandira, mkodzo umafiira tsiku limodzi kapena awiri, koma si magazi amenewo, musachite mantha. Radiotherapy (kuwotcha khansa ndi cheza cha makina) ya pachifuwa, makamaka kumanzere, nayonso imatha kukhudza mtima.

Amadziwa bwanji kuti wanga ndi umene ungavute?

Salosera ayi, amachita kuwerengera. Malangizo a 2022 a European Society of Cardiology, bungwe la madokotala a mtima ku Ulaya, amaika odwala m'magulu anayi: chiopsezo chochepa, chapakati, chachikulu ndi chachikulu zedi. Chimakweza munthu ndi zaka 65 kupita m'tsogolo, BP, shuga, matenda a impso, kunenepa kwambiri, fodya, komanso ngati mtima unadwalapo kale. Chingambwe nachonso ndi fodya, musabise. Pomwe makina alipo amajambula mtima kuti aone magazi amene ukukankha ukagunda kamodzi. Akachepera 50 pa 100 alionse a m'chipinda chake chachikulu, madokotala amayenda mosamala kwambiri.

Ndikagwera m'gulu lapamwamba andimana mankhwala?

Kawirikawiri ayi. Amatha kusintha mtundu wa mankhwala a khansa, kuonjezera mankhwala oteteza mtima, kapena kukuyezani pafupipafupi. Kuthawa chithandizo poopa mtima ndiye koopsa zedi, chifukwa khansa sidikira.

Ndinalandirapo ofiirawo zaka zapitazo. Ndi zofunika kunena?

Kwambiri. Thupi siliiwala doxorubicin. Madokotala amaphatikiza yense amene mwalandira moyo wanu wonse, ndipo safuna kuti adutse pafupifupi mamiligalamu 550 pa sikweya mita iliyonse ya thupi. Ndiye kabuku kakale ka kuchipatala, ngakhale kothimbirira ndi utsi, musakasiye pakhomo.

Kwathu kuno ndingachitepo chiyani?

Yezetsani BP pachipatala chapafupi. Ikamafika 140/90 mobwerezabwereza ifunika chithandizo, ndipo mankhwala ake salekezedwa chifukwa mutu wasiya kuwawa. Chepetsani mchere m'ndiwo. Mukaona mapazi akutupa, befu pa kamtunda komwe kale munkakwera mutasenza dengu la kachewere, kapena kubanika mukagona chagada, pitani kuchipatala osadikira tsiku lolembedwa m'kabuku, ndipo mukanene kuti munalandirapo mankhwala a khansa ngakhale papita zaka.