Mowa wakukanikani kusiya? Sakani anzanu omwe anadutsamo kale

Abale anga a mu Blantyre muno, tikambepo za mowa. Sindikunena za uja amamwa botolo limodzi pa ukwati ayi, ndikunena wa uja amadzuka mmawa manja akunjenjemera mpaka akachotse kaye matsire ndi kachasu nde mutu uyambe kugwira ntchito, malipiro akangolowa pa 28 pofika pa 2 atha, ngongole ili kwa mayi wa pa shabini, kunyumba ana akudya mmemo kwa aneba. Amenewo ndi matenda, si ufiti kapena kuti munthuyo ndi chitsiru, ubongo wake unazolowera mowa moti popanda mowa thupi limachita ngati likusowa chakudya.

Ambiri amalumbira pa January kuti basi ndasiya, pofika Pasaka abwereranso. Vuto nloti amalimbana nazo okha, pomwe anzawo onse a ku bawa ku Ndirande kaya ku Bangwe akadali pompo kuwaitana kuti aise tabwera ulaweko kamodzi kokha. Nde mpofunika anzanu ena, omwe nawonso mowa unawazunza ndipo akuyesetsa kusiya.

Magulu otere alipo padziko lonse. Lodziwika kwambiri ndi Alcoholics Anonymous, mwachidule AA, lomwe linayamba mu 1935 ku Akron ku America, anthu awiri Bill Wilson ndi dokotala Bob Smith, onse zidakwa zotheratu, ataona kuti akamacheza za vuto lawo tsiku limatha osamwa. Kulowa kwake kulibe fomu kapena ndalama ya umembala, chomwe chikufunika nchoti mukufuna kusiya mowa basi. Mumakhala pansi mwina ola limodzi, wina amafotokoza mmene sabata yake yayendera, wina zomwe mowa unamuonongera, palibe okuweruzani chifukwa zomwe mukuchita nazo manyazizo aliyense mmenemo anazichitapo. Olo osayankhula tsiku loyamba palibe vuto, mungomvera. Amatchulana dzina loyamba lokha ndipo zokambidwa mmenemo zimathera momwemo, nkhani ya chinsinsiyi ndiyofunika kwambiri kuno kwathu komwe ukatsokomola ku Chilomoni a ku Machinjiri amva kale.

Ali ndi masitepe 12 omwe amatsata, loyamba ndi kuvomera kuti mowa wandiposa mphamvu. Salonjezana zoti sindidzamwanso moyo wanga onse, amangoti lero lokha sindimwa, mawa tikaonana nalo mawa. Mumapezanso mnzanu yemwe watha nthawi yaitali osamwa, amati sponsor, oti chilakolako chikakugwirani usiku mumuimbire foni musanatuluke panyumba. Amatchula za Mulungu mmene aliyense amamudziwira koma si mpingo, Mkhristu, Msilamu olo osapemphera amakhala limodzi.

Nanga muwapeza bwanji? Yambani kufunsa ku chipatala. Ku Queens kuli mbali yoona za matenda a maganizo, komanso ku ma health centre ngati Zingwangwa, Limbe kapena Ndirande mutha kuuza adokotala kapena anamwino poyera kuti mowa wandikanika, ndikufuna thandizo ndi gulu loti ndizipitako. Funsaninso abusa, ansembe kapena shehe wanu. Amene muli ndi foni ya intaneti, misonkhano ya AA imachitikanso pa Zoom usana ndi usiku, yambiri mu Chizungu, kamera mutha kuzimitsa. Ndipo ngati mwapezana anthu atatu anayi a mtima umodzi, pemphani kachipinda ku tchalitchi kapena ku sukulu, gwirizanani tsiku ndi nthawi yosasinthasintha, gulu layamba limenelo. Chenjerani ndi okulipiritsani ndalama zambiri kapena okugulitsani mankhwala oti mukathire mu nsima ya bambo mobisa kuti adane ndi mowa, zimenezo zitha kumupweteka munthu.

Koma apa mumvetsetse bwino. Ngati mwakhala mukumwa kwambiri tsiku ndi tsiku, musasiye mwadzidzidzi muli nokha kunyumba. Pakadutsa maola 6 mpaka 24 chimwereni thupi limayamba kunjenjemera, thukuta, nseru, tulo osabwera, ena amagwa ngati akhunyu, ndipo pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu ena amasokonekera mutu, kubwebweta, kuona zinthu zoti palibe, mtima kuthamanga. Izi zimapha. Munthu akafika apa thamangani naye ku chipatala osati kumumangirira pa mpando kapena kungomupempherera, kumeneko amampatsa mankhwala okhazika thupi pansi ndi vitamini B1 oteteza ubongo. Gulu si chipatala, ziwirizi zimayendera limodzi. Amene muli pa ma ARV kapena mankhwala a TB muwauzenso adokotala zoona zake za mowa, chiwindi nchimodzi chomwecho chikusenza zonsezo.

Inu amayi ndi ana a munthu omwa, nanunso mwatopa tikudziwa, kubisa mabotolo ndi kukalipa tsiku lililonse sikumusiyitsa. Kuli Al-Anon, gulu la achibale a zidakwa lomwe linayamba mu 1951, nalonso limakumana pa intaneti.

Inu amene mukusiya mowa, mukaterereka nkumwanso patatha miyezi itatu musathawe gulu chifukwa cha manyazi, zimachitikira ambiri. Pitani pa msonkhano otsatirawo mukanene kuti ndinamwa Loweruka, muyambirenso kuwerenga masiku.