Konkire youma msanga si umboni wa kontilakitala wabwino

Kwa zaka zambiri takhala tikumva zoti kontilakitala wodziwa ntchito ndi amene konkire yake imauma tsiku lomwelo, mawa lake n'kuyamba kuyala njerwa pamwamba. Nkhaniyi yatopetsa, ndipo si yoona.

Simenti siilimba chifukwa chouma. Imalimba ikamagwirana ndi madzi, ndipo zimenezi zimatenga nthawi: mphamvu ya konkire amaiyeza pa masiku 28. Kuno ku Mangochi, dzuwa la Okutobala limamwa madzi a pa silabu m'maola ochepa, pamwamba n'kuchita ming'alu ngati dambo louma. N'chifukwa chake mmisiri wosamala amathirira konkire kwa masiku osachepera 7, n'kuiphimba ndi masaka onyowa. Koma madzi akachuluka posakaniza amaifooketsa. Konkire yamadzimadzi ngati phala la mwana ubwino wake n'kusavuta kuthira basi.

Mutha kuona nokha. Patatha sabata kandani ndi msomali. Ikamayoyoka ngati ufa, pali vuto. Werengani muyezo akamasakaniza, wozolowereka ndi ndowa 1 ya simenti, 2 za mchenga, 4 za kwale. Mchengawo thirani m'botolo la madzi, khutchumulani, muusiye ukhazikike. Matope akakhala ambiri pamwamba pake, ndiye kuti simenti siigwira bwino. Ndipo kayendereni ntchitoyo asanapake pulasitala, poti pulasitala amabisa zambiri.

Musanatumizire anzanu pa WhatsApp kuti uje ndi katswiri poti amafulumira, yambani mwakaona nyumba imene anamanga, yomwe yavumbwa mvula zaka ziwiri.