Propolis sangapulumutse mkute wa dzulo

Loweruka ndinali ku Highfield, kuno ku Harare, kwa azakhali, magetsi atazima kuyambira m'mawa firiji ili phee, ndiye ndikulowa kukhitchini ndawapeza akudonthezera timadzi tabulauni m'poto wa mpunga wotsala ku chinkhoswe cha dzulo lake. Kabotolo kake kakang'ono ngati ka mankhwala a m'maso, akuti anagula kwa mayi wina wa kutchalitchi. "Iwe si umagwira ku labu, propolis sukumudziwa? Amapha majeremusi onse ameneyu." Ndinati azakhali ndikumudziwa bwinobwino, koma mpungawu ndiye sitidya.

Propolis ndi utomoni wa njuchi. Si uchi, si phula, ngakhale phula limakhalamo. Njuchi zimakatapa utomoni pa makungwa ndi pa mphukira za mitengo, n'kusakaniza ndi phula ndi malovu awo, kenako n'kumata ming'alu ya mng'oma. Amene anafulapo njuchi kumudzi akudziwa zakuda zonata zija zimene zimakanirira m'zala. Pafupifupi theka lake ndi utomoni weniweni. Mbewa ikalowa mumng'oma n'kufera momwemo, njuchi sizingainyamule, ndiye zimangoikuta ndi utomoniwu kuti isawole n'kununkhitsa nyumba. Ndiye azakhali sananame kwenikweni, mphamvu ilimo.

Ku labu timayesa chonchi: timasungunula utomoniwo mu spiriti wa 70%, timapaka mabakiteriya pa kambale kokhala ndi chakudya chawo chonga jeli, n'kuikapo kapepala konyowa ndi madziwo, basi n'kusiya usiku wonse pa madigiri 37. M'mawa ukapeza kabwalo koyera kuzungulira kapepalako ndiye kuti pamenepo tizilomboto talephera kumera. Pa Staphylococcus aureus, amene amakhala pakhungu ndi m'mphuno mwathu n'kugwera m'zakudya tikamagwiragwira, kabwaloko kamaoneka ndithu. Pa Bacillus cereus wa mumpunga ndi Listeria wa mu mapoloni chimodzimodzi. Koma ikani E. coli kapena Salmonella, kabwalo kamachepa, nthawi zina osaoneka n'komwe.

Chifukwa chake ndi chikopa. Dokotala wina wa ku Denmark, Hans Christian Gram, mu 1884 anapeza njira yopaka utoto imene imagawa mabakiteriya pawiri, ena amasanduka a pepo ena ofiirira. Ofiirirawo, monga E. coli ndi Salmonella, ali ndi chikopa china chakunja chokhala ngati jasi la mvula, zinthu zambiri za mu propolis zimavutika kudutsa pamenepo. Tsono vuto ndi loti adani athu akulu kuno ku Harare ndi a jasi omwewo. Taifodi amene wakhala akuvuta ku Mbare ndi Salmonella. Kolera wa 2008 uja, amene anapha anthu oposa 4,000 m'dziko muno, n'kudzabweranso ku Glen View ndi Budiriro mu 2018, nayenso ali gulu lomwelo. Kudonthezera propolis m'chigubu cha madzi a pachitsime n'kumati basi aphedwa, ayi abale, wiritsani kapena thirani klorini.

Nanga mpunga wa azakhali, si Bacillus ndanena kuti amagonja? Apa ndi pomwe ambiri amasokonezeka. Mpunga ukakhala maola ambiri potentha, kachilomboka kamatha kukhala katatulutsa kale poizoni wake, ndipo poizoni ameneyu safa ngakhale mutautenthetsanso mpaka kupserera. Wa Staphylococcus nayenso ndi wouma mutu chomwecho. Mutha kupha kachilombo koma ululu uli momwemo, pakangotha maola ochepa munthu wayamba kusanza. Komanso kambale ka ku labu si poto, m'ndiwo muli mafuta ndi nyama zimene zimafooketsa mphamvuyo, kuti igwire mungathire wochuluka mpaka chakudya kuwawa osadyeka.

China, propolis sakhala wofanana. Wa ku Europe amachokera kwambiri ku mitengo ya poplar, wobiriwira wa ku Brazil ku chitsamba cha Baccharis, wathu zimatengera njuchizo zapeza mtengo wanji. Kabotolo kopanda lebulo ka ku Mbare Musika simungadziwe kuti muli zingati, ine ndimakayikira ngakhale kuti muli propolis. Ndipo anthu ena amatuluka naye zidzolo kapena kutupa milomo, a mphumu samalani.

Mwana akatsekula m'mimba, ORS kaye, uja kwathu timati Thanzi, kenako kukiliniki, osayamba kuwerenga madontho.

Azakhali anadandaula kuti mpunga wa madola angapo ukutayika chifukwa cha sukulu yanga, koma tinakaukwirira kuseri. Kabotolo ndinawasiyira, akuti kamawathandiza pakhosi pakamakanda, pamenepo sindinalimbane nawo. Tinaphika nsima yatsopano pa gasi.