Mafunso ndi mayankho pa lamulo la RAM ya maseva

Chikhazikitsireni lamulo loti seva iliyonse ikhale ndi RAM (memori yomwe kompyuta imagwiritsa ntchito ikamayenda) ya ECC, yomwe imadzikonzera yokha zolakwika zina, komanso kuti KSM izimitsidwe, madandaulo sakutha ku ofesi yathu ya IT. Tayankha omwe akubwerabwera.

Vuto lake n'chiyani kwenikweni?
RAM imasunga biti iliyonse (0 kapena 1) ngati kamphamvu ka magetsi m'timaselo toyalidwa m'mizere, ndipo mu RAM ya mtundu wa DDR3 ndi DDR4 timaselo timeneti timatsitsimutsidwa pa mamilisekondi 64 aliwonse. Pulogalamu ikatsegula mzere umodzi kambirimbiri mofulumira, magetsi a mzere woyandikana nawo amadontha, biti n'kutembenuka. Vutoli limatchedwa Rowhammer. Mu 2014 ofufuza a Carnegie Mellon ndi Intel adalipeza m'ma module (timabodi ta RAM) 110 mwa 129 omwe adayesa, ndipo mu 2015 a Google Project Zero adatembenuza biti mu page table (mndandanda wosonyeza mbali za RAM zomwe pulogalamu ingafikire) mpaka kulanda kernel, mtima wa opareting'i sisitimu ya Linux.

Antivayirasi sangatiteteze?
Ayi, chilema chili mu chipu momwemo.

Ndiye ECC yathetsa zonse?
Sitinanene choncho. ECC imakonza biti imodzi yolakwika pa mabiti 64, ziwiri imangozizindikira. Mu 2018 a Vrije Universiteit Amsterdam adaonetsa kuti zitatu zikatembenuka pamodzi zitha kudutsa osaoneka. Phindu lalikulu la ECC n'lakuti imanena zolakwikazo, ife n'kuziona ndi pulogalamu ya rasdaemon. ECC ya m'kati mwa chipu ya RAM ya mtundu wa DDR5 sitikuiwerengera, chifukwa imakonza mwakachetechete osauza opareting'i sisitimu.

Mwazimitsiranji KSM? RAM ikutichepera.
Tikuvomera, ikuchepadi. KSM ndi mbali ya Linux yomwe imaphatikiza masamba (magawo a RAM) ofanana a ma virtual machine (makompyuta oyerekezera oyenda m'kati mwa seva imodzi) awiri kukhala limodzi, ndipo mu 2016 zidaonetsedwa kuti wachiwembu atha kudutsira pamenepo kuwononga tsamba la mnzake. Poizimitsa, lembani 2 mu fayilo ya /sys/kernel/mm/ksm/run kuti ophatikizidwa kale alekanitsidwe, 0 amangoimitsa. Yambani mwaona kuti RAM yotsala ikwana.

Alipire ndani RAM yatsopano?
Apa tiyankhe mosamala. Ngati module ili pa waranti ndipo malogi akuonetsa zolakwika zobwerezabwereza pa adiresi imodzi, tidzakambirana ndi wogulitsa, koma sitikulonjeza kuti avomera. Ena satenga Rowhammer ngati chilema, makamaka umboni ukakhala wa Test 13 yokha ya MemTest86, pulogalamu yoyesera RAM. Yopanda waranti ilipiridwa ndi dipatimenti yomwe ikugwiritsa ntchito sevayo, pokhapokha sevayo ikutumikira madipatimenti angapo. Pamenepo tiziona nkhani iliyonse payokha. Musathamangire kugula. RAM ya ECC siigwira ntchito yake ngati purosesa ndi bodi sizikuilandira, ndipo amene wagula asanatifunse n'kutheka kuti sabwezeredwa.

Maseva akale aime lero?
Ayi. Pakadali pano tikusintha mu BIOS (pulogalamu ya pa bodi yoyatsira seva) kuti RAM izitsitsimutsidwa pa mamilisekondi 32. Seva ichedwako pang'ono, magetsi idya ambiri, ndipo chiopsezo chingochepa, sichitheratu. Seva yomwe BIOS yake ilibe malo osinthira zimenezi tichotsapo ntchito za anthu akunja kufikira italowedwa m'malo.