Wothandizira dokotala amene amalemba yekha mankhwala

Mwezi wathawu mnyamata wina amene ndinkamuphunzitsa kuyeza odwala, amene lero ndi clinical officer pachipatala china cha boma, anandiimbira foni. "Bambo, ndikapita ku America akandilola kugwira ntchito ya physician assistant? Akuti n'chimodzimodzi ndi yathuyi." Ndinamuyankha kuti ntchito ikufanana ndithu, koma khomo lolowera ndi lina. Funsoli ndalimva kangapo, choncho ndati ndilifotokoze pano.

Dzinalo limasocheretsa. Munthu akamva zoti wothandizira dokotala amaganiza za wonyamula mafayilo kapena wopatsira dokotala zipangizo. Si choncho. Ku America physician assistant, amene amangomutchula kuti PA, amafunsa wodwala mmene akumvera, amamuyeza, amamutumiza kukayezetsa magazi kapena kukajambulidwa, amapeza matenda n'kulemba mankhwala. Amagwira ntchito mogwirizana ndi dokotala, ndipo malire ake amatengera malamulo a dera limene akugwirako.

Kuti mumvetse maphunziro ake, yambani ndi mmene ntchitoyi inabadwira. Mu 1965, ku yunivesite ya Duke ku North Carolina, Dr Eugene Stead anaona kuti madokotala akuchepa pomwe kunali anthu amene ankathandiza odwala ndi ovulala ku gulu lankhondo lapamadzi, koma akachoka ku usilikali analibe pepala lowalola kugwira ntchitoyo. Anatenga anayi, ndipo atatu anamaliza pa 6 October 1967. Anthuwa anali atagwirapo kale bala ndi magazi. Stead anangowonjezera sayansi pa manja ozolowera kale. Mpaka lero maphunzirowa amaimabe pa maziko amenewo.

N'chifukwa chake nthawi zambiri simungalowe mutangochoka ku sekondale. Muyenera kukhala ndi digiri yoyamba, ndipo mukhale mutaphunzira biology, chemistry, kapangidwe ka thupi ndi kagwiridwe kake ka ntchito. Sukulu zambiri zimafunanso umboni wa maola amene munakhala mukusamalira odwala, kaya ngati namwino, wa mu ambulansi kapena wotenga magazi. Ambiri amafunsira malo kudzera pa njira imodzi ya pa intaneti yotchedwa CASPA.

Mukalowa, ndi digiri ya masters ya miyezi pafupifupi 27. Gawo loyamba ndi la m'kalasi, ndipo ndi lothina kwabasi: mankhwala ndi mmene amagwirira m'thupi, matenda a chiwalo chilichonse, kayezedwe ka wodwala, mayeso otsatizana. Sukulu zambiri zimalangiza ophunzira kuti asagwire ganyu pa nthawiyi. Gawo lachiwiri ndi la m'chipatala, maola pafupifupi 2,000, kuzungulira ku ana, ku amayi, ku opareshoni, ku ngozi, ku matenda a maganizo ndi ku matenda a akulu. Kwa ine gawo limeneli ndiye mtima wa zonse. Kumeneko ndi komwe wophunzira amaika chala pamkono wa gogo wodwala n'kuzindikira kuti mtima ukugunda modumphadumpha, chinthu chimene buku limangochitchula koma chala ndi chimene chimachiphunzira.

Pomaliza pali mayeso a dziko lonse otchedwa PANCE, mafunso 300 m'maola asanu. Wokhoza amalemba PA-C kumapeto kwa dzina lake. Pepalalo silikhalitsa lokha: amayenera kuchita maola 100 a maphunziro owonjezera zaka ziwiri zilizonse, ndi kuyesedwanso pakatha zaka khumi. Dokotala wa ku America amathera zaka zinayi kusukulu ya udokotala, kenako zina zitatu kapena kuposerapo akuzama pa nthambi imodzi. PA sakakamizidwa kuchita zaka zozama pa nthambi imodzizo, motero amayamba ntchito msanga ndipo angathe kuchoka ku ngozi kupita ku matenda a khungu osabwereranso m'kalasi.

Tsono apa ndi pamene mnyamata uja anakhala chete pafoni. Mayeso a PANCE amalemba yekhayo amene waphunzira pasukulu yovomerezedwa ndi bungwe la ARC-PA, limene limaunika sukulu za PA ku America. Ngakhale dokotala wathunthu wochokera kunja sangalumphe lamuloli. Clinical officer wathu amaphunzira zaka zitatu ku Malawi College of Health Sciences kapena ku Malamulo, amachita chaka choyeserera ntchito, ndipo m'zipatala za m'maboma ndi iye amene amadzutsidwa usiku kukachita opareshoni ya mayi amene walephera kuchira. Zimandipweteka kunena kuti zonsezo sizimupatsa chilolezo kumeneko. Amayenera kukhala ndi digiri yoyamba, kenako n'kuyamba maphunziro a PA pachiyambi, ndi fizi yoti ambiri amaitengera ngongole.

Anandifunsanso za ku Britain. Kumeneko maphunziro a PA ndi a zaka ziwiri pamwamba pa digiri ya sayansi kapena ya zaumoyo, ndipo kuyambira December 2024 bungwe loyang'anira madokotala la General Medical Council ndi limene limayang'aniranso ma PA. Koma salemba mankhwala, ndipo mu 2025 kafukufuku wa Pulofesa Gillian Leng analangiza kuti asiye dzina loti physician associate, azitchedwa assistant, kuti odwala asamawayese madokotala.

Ndinamuuza kuti asanalipire ndalama iliyonse alembere sukulu zitatu, afunse ngati zimalandira digiri ya kuno ndi maphunziro a sayansi ochitira kunja kwa America, chifukwa zina zimafuna kuti awabwereze komweko. Ndinamuuzanso kuti ayambe lero kulemba m'kope opareshoni iliyonse ndi maola ake a mu wodi, ndipo womuyang'anira azisainira.